Kukatenga a Lekisoni kwa Nankhoma

Senderani kuno, nkhani iyi siifuna kukweza mawu.

Pa tauni yathu ija ya m'tsinde mwa phiri, malo omwera mowa alipo ambiri. Alipo a m'mbali mwa msewu wa tala, a magetsi ofiira ndi obiriwira, kumene nyimbo zimagwedeza malata ndipo anyamata amakangana za mpira wa pa kanema. Kumeneko munthu amapita kuti anzake amuone. Koma mukatsika ndi msewu wakale, uja unasiyidwa pamene anakumba watsopano, n'kudutsa kamlatho ka matabwa ndi chigayo chimene chinafa kalekale, mumapeza nyumba yaifupi ya njerwa zosapaka laimu, ya zenera limodzi. Dzina limene linalembedwa pakhoma mvula inafufuta. Anthu amangoti kwa Nankhoma.

Kwa Nankhoma kunalibe wailesi. Munthu aliyense anali ndi mpando wake, ndipo wina sankakhalapo ngakhale mwini wake agonekedwe m'chipatala kapena apite ku Joni. A Nankhoma, mayi wokalamba mwini balayo, sankafunsa kuti mumwa chiyani. Ankamva mapazi anu panja, mukamalowa n'kupeza atathira kale.

Panalinso mwambo umene akazi onse a pa tauniyo ankaudziwa, ngakhale palibe anawaphunzitsa. Mkazi akabwera kudzatenga mwamuna wake, sankalowa. Ankaima panja pa katani yotchinga khomo n'kunena kuti, "Kunyumba kwabwera alendo." Aliyense ankadziwa kuti kunyumbako kulibe mlendo. Koma mwamunayo ankadzuka ulemu wake uli wonse, n'kutenga chipewa, anzake n'kumuuza kuti akapereke moni kwa alendowo.

Felesiya Kamtedza anali asanaimepo pakhomo limenelo. Iye anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya atsikana, ndipo amuna ake, a Lekisoni, sankafuna kukatengedwa. Chipumire ntchito ku ofesi ya zankhalango, masana alionse ankavala chipewa n'kutsika ndi msewu wakale, dzuwa likamalowa n'kubwera okha, osadzandira, n'kusamba m'manja. M'nyumba mwawo munalibe ndewu. Munalibenso nkhani zambiri. Ana awo, Tereza ndi Mateyu, atakula n'kuchoka, mawu amene anatsala anali a mchere, sopo ndi mitambo ya mvula.

A Lekisoni anamwalira masana ena m'nyengo yozizira, atakhala pa mpando wawo, akusewera bawo. Mnzawo wa bawoyo anadikira nthawi yaitali, akuyesa kuti akuganiza. Galimoto inabwera, thupi linapita ku mochale, kuchoka uko ku tchalitchi, kuchoka uko ku manda.

Pa maliropo Felesiya sanalire. Amayi anzake ankagubuduka pansi mbali zonse, iye maso ali pa chogwirira china cha bokosi chimene anachikhoma mopendekeka. Anthu ananong'onezana kuti ophunzira salira. Si kuti ankadziletsa. Misoziyo ankaifunafuna monga mmene munthu amapapasira machesi mumdima, osaipeza. Chaka chonsecho ankadzuka, kusesa, kupita ku sukulu, kubwera, kudya. Aliyense wokumana naye ankapendeketsa mutu n'kunena kuti pepani, ndipo mawuwo ankamugwera ngati mvula pa thanthwe.

Chaka chitakwana, alamu ake a Nambewe, achemwali aakulu a malemuwo, anabwera kuchokera kumudzi ndi amayi ena kudzaphika mowa wa bona, uja womasula malemu kuti apite kwa makolo awo, nayenso wamasiye avule zakuda. Anagwirizana kuti mwambo uchitike Loweruka.

Zodabwitsa zinayamba pang'onopang'ono. Chipewa cha a Lekisoni, chimene chinabwera ndi thupi n'kukolekedwa pa msomali kuseri kwa chitseko, chinasowa. Felesiya anayesa kuti alendo achisuntha posesa. Palibe anachiona. Galu wa pakhomopo, amene chaka chonse ankakhala pa geti madzulo alionse kuyang'ana kumunsi, anayamba kukana kulowa ngakhale pa nthawi ya chakudya.

Kenako mowa unakana. Chimera chinamera bwino, anasinja, anaphika, anathira m'migolo. Koma mowa unangogona zii. Panalibe thovu, panalibe fungo. A Nambewe, amene anaphika mowa moyo wawo wonse osawonongekapo, ankazungulira migoloyo n'kumaikapo khutu. M'mawa wina anamuitanira Felesiya kuseri kwa khitchini.

"Alamu, tandiuzani. Tsiku lija, pochoka nawo ku bala kuja, alipo anawauza kuti tiyeni?"

"Anali atamwalira kale, alamu."

"Sindikufunsa zimenezo. Ndikuti alipo anawauza?"

Felesiya anaganiza. "Panali dalaivala ndi a polisi. Sindikukhulupirira kuti analankhula nawo."

A Nambewe anapukuta manja pa chitenje chawo. "Ndiye achimwene anga akadali pompo. Munanyamula thupi, munthu munamusiya pa mpando. Mowa sungapse mwini wake kulibe. Kawatengeni."

"Ine?"

"Nanga ndani? Angamvere ine? Mkazi wawo ndinu. Ndipo mumve bwino, alamu. Anthu akabwera Loweruka mowa uli chonchi, tiutaya, basi. Bona saphika kawiri. Akhala kumeneko mpaka kalekale, ngati munthu wopanda kwawo."

Felesiya sanakhulupirire, koma sanakanenso. Masiku amenewo zonse zinkalemera mofanana mumtima mwake. Masana anavala juzi yakuda natsika ndi msewu wakale.

Pa kamlatho anapeza bambo wina atakhala pa thabwa la m'mbali, atavala jekete lalitali la masiku akale, njinga ataitsamiritsa pa bondo. Anavula chisoti mwaulemu.

"Zikomo mayi. Kodi mwina akutumani ndi a Nachisale?"

"Ayi bambo. Sindiwadziwa."

"Oo. Basi, abwera," anatero bamboyo, nayang'ananso kumtunda.

Atafika pakhomo la bala, Felesiya anaima panja pa katani monga mwa mwambo. Mawu ankawadziwa. Anatsegula pakamwa, koma anadziona yekha mmene analili: mayi wa imvi, mphunzitsi wamkulu, akulankhula ndi nsalu yothimbirira. Ndipo apa anachita chimene mkazi wa pa tauniyo anali asanachitepo. Anakweza katani nalowa.

M'katimo munali mdima wa masana. Munkanunkha masese, palafini, phulusa lonyowa ndi majekete akale. Maso atazolowera anaona azibambo okalamba owerengeka, ndi mipando yambiri yopanda anthu, ina ya matabwa, ina ya chitsulo yomangidwa ndi mawaya. Pansi pa mpando uliwonse simenti inali itakumbika timaenje ta miyendo. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti azibambowo anakhala mopanikizika, maondo atabweza, zigongono atafinya, ngati ali m'basi yodzaza.

"Anyamata, bisani mabotolo, ahedi afika!" anafuula bambo wina wadazi wa pafupi ndi zenera. Mwa anyamata akewo munalibe wa mano okwanira. Amenewa anali a Zakeyu, osoka nsapato, aja ankasewera bawo ndi malemu. "Aphunzitsi, mwalowa?"

"Kodi n'koletsedwa?"

"Koletsedwa ayi. Kungoti sitinaonepo."

Patsogolo pawo panali bawo, nkhomo zake zili m'maenje. Mpando wa tsidya lina unali wopanda munthu. Pamwamba pake, pa msomali, panali chipewa cha a Lekisoni.

Felesiya anachiyang'ana. Anadikira kuti mtima udumphe. Sunadumphe.

"Anabweretsa chipewachi ndani?"

"Tinangochipeza," a Zakeyu anayankha. "Kwazizira masiku ano." Analoza bawo ndi chibwano. "Ndi iwo oyenera kusewera. Amachedwa kuganiza monga kale. Koma ndikangoyang'ana kumbali ndimapeza nkhomo zasuntha. Ndipo pepani kunena, aphunzitsi, amuna anu amaberabe."

Azibambo aja anaseka chapansipansi. A Nankhoma anatulukira kuseri kwa kauntala atanyamula kapu ya chitsulo. Ankayenda cham'mbali pakati pa mipando yopanda anthu ija, n'kumati zikomo, zikomo, monga amachitira munthu podutsa pakati pa akuluakulu. Anakoka kampando kakafupi, nakaika pambali pa mpando wa a Lekisoni, napatsa Felesiya thobwa. Sanamufunse chimene wadzera. Palibe anapendeketsa mutu.

"Pa mlatho ndakumana ndi bambo wina," Felesiya anatero. "Akudikira a Nachisale."

"A Binisoni amenewo. Amatuluka kukasuzumira," a Nankhoma anayankha. "Akazi awo a Nachisale anakwatiwanso ku Chipata, ndikumva kuti anamwalira konko. Mpando wa a Binisoni ndi uwo wa pakona." Anabwerera ku kauntala kwawo.

Felesiya anakhala. Poyamba sanamve kanthu. Kenako ku phewa lake lamanzere kunayamba kufunda, kufunda kwa munthu amene wakhala nawe moyandikana. Panali kafungo ka sopo wofiira amene a Lekisoni ankasambira. Sanatembenuke. Anangogwira kapu ndi manja awiri. Ankayesa kuti wakhala kanthawi kochepa, koma atakweza maso anaona kuti pa zenera pada.

"Mwabwera nawo?" a Nambewe anamufunsa pa geti.

"Mawa, alamu."

Mawa lake anapitanso, nalowanso, nakhala pa kampando komweko. Mkuja lakenso chimodzimodzi. Makutu ake anayamba kuzolowera bata la m'nyumbamo, ndipo pansi pa batalo anayamba kumva kena kake, ngati njuchi zimene zamanga m'kati mwa khoma. A Nankhoma ankaika makapu patsogolo pa mipando ina yopanda anthu, ndipo pokawatenga sankataya kanthu panja.

A Zakeyu ankamukambira nkhani akusoka nsapato pa bondo.

"Mukudziwa kuti ankaimba?"

"Ndani?"

"Amuna anu. Mawu ngati ng'ombe yomangidwa, koma ankaimba. Ankathanso kutsanzira abambo mfumu aja achizungu polalika m'Chichewa. Tinkaseka mpaka a Nankhoma kutiopseza ndi chikolopa."

"Kunyumba sanaimbepo."

"Aa, nanga angaimbe pamaso pa ahedi? Mukanawapatsa ziro." A Zakeyu analuma ulusi. "Koma chimene tinkawakondera n'china. Sankachoka kusiya munthu akumwa yekha. Ngakhale munthu woti sakumudziwa. Ankati munthu womwa yekha amamwa ndi maganizo."

Felesiya anamva zonsezo ngati nkhani ya munthu wa ku dziko lina. Koma phewa lake linali lofunda, ndipo chimwalirire amuna ake anali asanakhalepo malo amene mpweya unkalowa m'chifuwa mosavuta chonchi. Kunyumba kunali migolo yozizira ndi maso a alamu ake. Kuno kunalibe womufuna kanthu.

Lachisanu, tsiku lomaliza, anakweza katani napeza kapu yake ili kale pa kampando. Koma a Nankhoma anali ataima patsogolo pake.

"Mayi, lero musakhale."

"Ndalakwa?"

"Tasunthani kampandoko."

Felesiya anakakoka. Pansi pake simenti inali itakumbika timaenje, tosalala, tozama ngati ta mipando ya azibambo amene anakhala m'menemo moyo wawo wonse.

"Ndamva mapazi anu muli pa chigayo, dzanja langa n'kuthira lokha," a Nankhoma anatero. "Pamenepo ndiye ndachita mantha. Mukudziwa kusiyana kwa bala ino ndi za kumtunda zija? Kuja nthawi ikakwana amazimitsa nyimbo, amasesa, amatulutsa anthu, m'mawa kukacha malo onse ndi atsopano. Ine chiyambire sindinathamangitsepo munthu. Bambo anga anandisiyira choncho. Ndiye anthu amakhala. Amoyo amakhala, enawa amakhalanso. Muno munthu amachoka akaitanidwa ndi wake, basi. Nanga inu mukakhazikika, adzakuitanani ndani?"

Felesiya anayang'ana mpando wa amuna ake. "Akapita kunyumba, mawa awamasula."

"Eya."

"Ndiye sindidzakhala nawonso pafupi."

"Ayi."

A Zakeyu anali atasiya kusoka.

"Tulukani, mukaime panja, munene mawu aja," a Nankhoma anapitiriza. "Mukatero muziyenda, ndipo muzilankhula nawo njira yonse. Mukakhala chete ayesa kuti mwawasiya, abwerera. China, anzawo amakonda kuperekeza. Mukafika pa mlatho muwathokoze, muwauze abwerere. Amenewo si anu."

"Ndilankhule chiyani njira yonseyo?"

"Zaka zonse zija m'banja, mulibe nkhani?"

Felesiya anatuluka. Dzuwa linali litabisala kuseri kwa phiri, ndipo nkhungu inayamba kutsika m'mitengo ya paini. Anaima panja pa katani. Nsaluyo inali ndi chigamba cha thumba la ufa, ndipo anayang'ana pa chigambapo.

"Zikomo m'nyumba muno," anatero. "Bambo a Tereza, kunyumba kwabwera alendo."

Kenako mwendo wa mpando unakhulika pa simenti. Anamva mawu a a Zakeyu, osweka pang'ono.

"Mukapereke moni kwa alendowo, a Lekisoni."

Katani inagwedezeka. Felesiya anatembenuka nayamba kuyenda. Asanapite patali anamva m'mbuyo mwake mpando wina ukukhulika, kenako wina, kenako yambiri pamodzi.

"Denga la kuchipinda likudontha," anayamba. Mawu ake anamveka ngati akuwerenga mayina m'kalasi. "Pakona paja munamata ndi phula. Ndinaikapo beseni. Mwana wa Tereza wamera mano, akuti akuluma aliyense. Mtengo wa gwafa ndinadulitsa, unagwidwa ndi chiswe. Mukanakana, ndikudziwa."

Phewa lamanzere linali lofunda. M'mbuyo munkamveka mapazi pa miyala, osathamanga, a anthu oyenda akucheza. Wina anakhosomola. Tcheni cha njinga chinkalira pang'onopang'ono.

Pa chigayo chakufa panali mayi wogulitsa mbatata yootcha. Anakweza mutu kuti apereke moni, koma anangotsegula pakamwa, nakokera mwana wake m'chitenje, namuphimba nkhope. Mbuzi zimene zinagona pakati pa msewu zinadzuka zonse n'kulowa m'tchire popanda wozithamangitsa.

"Ku sukulu anatipatsa mphunzitsi watsopano wa masamu. Ndi mwana, amaopa atsikana. Nsapato zanu zakuda ndinapatsa Mateyu, zikumuthina koma akuvala. Wailesi yanu sindinayatsepo." Nkhani zinali kutha, msewu ukadalipo. Anafufuza m'mutu mwake ngati m'nkhokwe ya mwezi wa njala. "Akuti munkaimba. Sindinadziwe. Inenso ndili mtsikana ndinkaimba, ku kwaya ya ku Bembeke. Mwina simunadziwenso."

Anafika pa kamlatho. Pansi madzi ankayenda mumdima. Felesiya anaima pa thabwa loyamba natembenuka. Mu msewu munali nkhungu yokha, koma nkhunguyo sinali yofanana ponseponse. Pena inali yothithikana, yoimirira, ya msinkhu wa anthu. Sanayang'anitsitse.

"Azibambo, zikomo kwambiri potiperekeza. Apa mukhoza kubwerera."

Kenako mapazi anayamba kutembenuka, mmodzimmodzi, mwaulemu, opanda kung'ung'udza, monga anthu ozolowera kubwezedwa. Tcheni cha njinga chinalira chikumka kumunsi. Ndipo phewa la Felesiya linazizira.

"Bambo a Tereza," anaitana. "Inu tiyeni. Ndikulankhulabe. Denga likudontha."

Mapazi ankapitabe. Pakati pawo panali ena oyenda monyinyirika, oima n'kuyambanso, koma nawonso ankalowera kumunsi.

Anaima yekha pa mlathopo. Kumtunda, kupyola nyumba za anthu, ankaona kuwala kwa moto wa pabwalo pake, pamene amayi anakhala mozungulira migolo yakufa. Kumunsi kunali zenera limodzi la kwa Nankhoma. Anaona kuti n'kosavuta. Akanatha kukauza alamu ake kuti zakanika. Mowa akanautaya, alendo akanabalalika, ndipo Lolemba masana iye akanatsika, n'kupeza kapu yake ili pa kampando, phewa n'kufundanso. Palibe akanamuletsa. A Lekisoni akanakhala pa bawo lawo, nayenso a Binisoni akanamatuluka kukasuzumira pa mlatho, chaka ndi chaka, mpaka denga la a Nankhoma litagwa, ndipo mwina ngakhale litagwa.

Ankadziwanso chimene a Nankhoma ananena, kuti amenewo si ake. Anaima nthawi yaitali, mapazi akuzimirira.

"Azibambo," anaitana, ndi mawu aja ankaitanira ana a ku mapeto a bwalo la sukulu. "Taimani."

Mapazi anaima.

"Kunyumba kuli mowa wodzaza migolo. Amuna anga sangamwe okha. Tiyeni nonse."

Nkhungu sinasunthe. Kenako pafupi kwambiri, pafupi kuposa mmene ankayembekezera, panamveka mawu aulemu a bambo wa jekete uja.

"Ndi ifenso, mayi?"

"Nanunso."

Anatembenuka nawoloka. Phewa linafunda asanafike tsidya. Anapitiriza kulankhula, za nkhuku, za mvula ya chaka chatha, za nyimbo zimene ankaimba ku kwaya, ndipo matabwa a mlatho anapitiriza kugunda m'mbuyo mwake iye atafika kale pa mtunda wa ku tchalitchi.

Galu anawaona ali patali. Anathamanga, nadutsa Felesiya, nadumphadumpha pa malo opanda munthu, mchira ukugwedera thupi lonse. Kenako anaima, nayang'ana kumunsi kwa msewu, nalira pang'ono, nathawira pansi pa nkhokwe.

A Nambewe anali pa geti ndi nyali. Anaikweza, nayang'ana kupyola mlamu wawo, naitsitsa msanga.

"Alamu, mwabwera ndi angati?"

"Sindinawerenge."

"Mayo ine. Simunawabweze pa mlatho?"

"A Lekisoni anakana kuwasiya." Felesiya anatsegula geti mbali zonse ziwiri, naima pambali. "Tafika, bambo. Lowani. Azibambo, lowani."

Amayi amene anali pabwalo anadzuka okha, nafutukira ku khoma, atagwirana. Malawi a moto anawerama ngati mukudutsa mphepo, koma masamba a mitengo anali duu. Felesiya anagwira geti mpaka mkono unatopa. Ndipo kuseri kwa khitchini mayi wina anafuula kuti bwerani mudzaone. Migolo yonse inali kuwira, thovu likusefukira pansi, fungo la mowa wakupsa litadzaza bwalo.

Loweruka anthu anabwera ambiri. Mowa unali wokoma, onse anavomereza, koma unatha dzuwa likadali pamutu, ndipo panalibe ngakhale mmodzi woledzera. Anthu ankayang'ana m'zipanda zawo modabwa. Mkulu wa banja anathira mowa pansi, natchula a Lekisoni dzina lawo ndi la mfunda wawo, nawauza kuti ntchito yawo kuno yatha, apite kwa amayi awo ndi ambuye awo, asatembenuke. Felesiya anali atakhala pa mphasa. Anamva kufunda kukuchoka pa phewa pake pang'onopang'ono, monga dzuwa limachokera pa khonde. Amayi anamumeta tsitsi la m'mphepete, namuvula mpango wakuda, namuveka wa maluwa.

A Nambewe sanagone. Anamanga katundu wawo tsiku lomwelo, ngakhale anali atanena kuti akhala mpaka sabata ya mawa.

"Ife tamasula wathu," anatero pa geti, osayang'ana ku khonde. "Enawo mayina awo sitiwadziwa, mifunda yawo sitiidziwa. Si ife owamasula. Tiyeni kumudzi, alamu, mukakhaleko kaye."

"Lolemba ndili ndi kalasi."

"Mukhala bwanji muno?"

"Ndikhala," Felesiya anayankha.

Lolemba anabwera kuchokera ku sukulu, nadya, nakhala m'chipinda chochezera akusenda mtedza m'lichero. Nyumba inali yosesedwa bwino, migolo itabwezedwa kwa eni ake. Dzuwa litapendeka, pa nthawi imene azibambo amatsikira ku mowa, pa khonde panakhulika mpando. Panakhulikanso wina. Wina anakoka benchi la ku khitchini. Njinga inatsamira khoma. Kenako kunayamba kung'ung'uza kuja, kwa pansipansi, kwa anthu ocheza nkhani zimene anazikamba kale kambirimbiri.

Felesiya anasiya mtedza. Anatseka maso namvetsera, mawu amodziamodzi, kutsokomola kumodzikumodzi, kuyambira ku mapeto a khonde mpaka ku mapeto ena. Anabwerezanso kuti atsimikize. A Lekisoni panalibe. Anali atapita bwino.

Kenako anadzuka, nakwera pa mpando, natsitsa pamwamba pa kabati makapu onse, ngakhale aja a mizere yagolide amene analandira pa ukwati wawo ndipo sanamwerepo munthu. Anawatsuka limodzilimodzi, nawapukuta, nawaika pa thireyi, natsegula chitseko cha ku khonde ndi chigongono.

Yathera pomwepo. Sonkhezani moto, kwazizira.